Kunja Kumayambira pa Mwanza

Chaka cha 2017, gulu loyimba la WITCH la ku Zambia lidakwera ndege kukayimba ku Ulaya kwa nthawi yoyamba. Mwa anyamata amene adaliyambitsa ku Kitwe kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, wamoyo adatsala mmodzi yekha, Emmanuel Chanda wodziwika ndi dzina loti Jagari, amene pa nthawiyo n'kuti akupeza chakudya pokumba miyala ya mtengo wapatali. Nkhaniyi ndi yokoma, ndipo Jagari adayenera ulemu wonse umene adalandira. Chowawa ndi kakambidwe kake pakati pa olankhula Chichewa ndi Chinyanja. Ambiri amati m'chaka chimenecho WITCH idatuluka kunja, ngati kuti idali isanaolokepo malire chibadwire. Chonsecho gululi, ndi magitala ake olira mwa blues ndi rock, lidayimba kale ku Malawi ndi m'maiko ena oyandikana ndi Zambia m'zaka zomwe zija za chimbale chake cha Lazy Bones!! chimene chidatuluka mu 1975.

Vuto lagona pa liwu lakuti kunja. M'Chichewa liwuli ndi losavuta: mwana akatuluka m'nyumba ali kunja, munthu akadinditsa pasipoti pa Mwanza, pa Dedza, pa Mwami kapena pa Chirundu ali kunja. Ulaya ndi Amereka ali ndi dzina lawolawo, kutsidya kwa nyanja. Koma pa nkhani ya zoyimba, mawu awiriwa aphatikizidwa mwakachetechete, kotero kuti woyimba amene wadzaza holo ku Johannesburg amati wapita kukaona abale, pamene mnzake amene wayimbira anthu ochepa m'kabala kena ku Berlin amati watukula dziko. Chilankhulo chikayamba kuyeza ulendo ndi khungu la omvera, ndiye kuti eni akewo adzipeputsa okha.

Mbiri ikutsutsa kaganizidwe kameneka. Nyimbo za kuno zidayamba kuyenda maulendo ataliatali kalekale, m'masutikesi a amuna opita ku migodi. Bungwe la Wenela lidatenga amuna ankhaninkhani a ku Nyasaland ndi ku Mozambique kukakumba golide ku Joni, mpaka pamene ndege yake idagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda n'kuletsa ulendowo kwa zaka zingapo. Amene ankabwerako ankabwera ndi galamafoni, gitala ndi chitoliro. Nyimbo za kwela, zimene anyamata onga Spokes Mashiyane adazitchukitsa m'misewu ya Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, zidafika ku Chileka kudzera mwa Daniel ndi Donald Kachamba, amene adaziphunzira banja lawo likukhala ku Halale. Pamene katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, ankakumana nawo ku Blantyre mu 1967, nyimbo zawo n'kuti zitaoloka kale Limpopo ndi Zambezi. Kubik adagwira ntchito yotamandika, koma adapeza mphika utapsa kale.

Zidzukulu za amuna a Wenela aja zilipo, ndipo zina zikukhala pamwamba penipeni pa migodi yakale. Makause ndi mudzi wa nyumba za malata pafupi ndi Primrose, ku Germiston, mu Ekurhuleni, pa malo amene kale ankakumbapo golide. Kumeneko Chichewa chimamveka pamodzi ndi Chizulu, Chishangani ndi Chishona. Mlonda wogwira ntchito usiku, mayi wochapa m'nyumba za eni chuma, mnyamata wonyamula matumba a simenti, onsewa ali ndi nyimbo za kwawo m'mafoni. Chiwawa cha mu Meyi 2008, chimene chidapha anthu 62 m'dziko lonselo, chidakantha kwambiri madera a East Rand, koma sichidazimitse nyimbozo. Munthu amene amachepetsa mawu polankhula Chichewa mu takisi, poopa kuti amuzindikira kuti ndi mlendo, akamva gulu la kwawo likuyimba poyera amapeza chinthu chimene womvera wa ku Berlin sangachimvetse: maola atatu olankhula chilankhulo chake mokweza.

Anthu amenewa ndiwo omvera okhulupirika a oyimba a Chichewa kunja kwa malire. Lucius Banda adajambulira chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, ku South Africa, adayimbako kangapo, ndipo adatsikira kuli chete ku Johannesburg mu Juni 2024. Black Missionaries ya ku Chileka yayimbiranso matchona a ku Joni. Komabe maulendo oterewa sawerengedwa m'mbiri ya woyimba, ndipo chimene sichiwerengedwa sichisamalidwa. Chifukwa chakuti ndi ulendo wa kwa abale, mgwirizano umangokhala wapakamwa, zokuzira mawu zimakhala zobwereka, ndipo phwando lolengezedwa kuti liyamba madzulo limayamba pakati pa usiku. Wokhala ku Makause amene walipira marandi a tsiku lathunthu la ntchito amasiyidwa kuti adzionere yekha m'mene angabwererere kwawo mumdima, m'misewu yoopsa kwa mlendo. Woyimba yemweyo akaitanidwa ku Ulaya amafika nthawi isanakwane.

Ena anganene kuti ku Ulaya kuli ndalama zolimba, ndipo mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. N'zoona, ndipo palibe akuti oyimba akane mayuro. Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene ankayimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wopanga okha, ayenda m'maiko ambiri a ku Ulaya ndipo akudya zipatso za luso lawo. Koma nsanja yawo yoyamba kunja kwa Malawi idali Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo amene adawaombera m'manja poyamba ndi anthu a mu Africa muno. Komanso msika wa kutsidya uli ndi zokonda zake: umasankha gulu limodzi kapena awiri, kawirikawiri a zida zopanga pamanja ndi mbiri ya umphawi, n'kusiya mazana ena. Msika wa matchona susankha chotero, ndipo sutha. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Choncho pali zinthu zitatu zofunika kukonza. Atolankhani ndi owulutsa mawu abwezere liwu lakuti kunja tanthauzo lake, kuti gulu la ku Chipata likakayimba ku Tete, kapena la ku Mangochi ku Germiston, ulendowo ulembedwe kuti ndi woyamba wa kunja ngati ulidi woyamba. Okonza maphwando a ku Joni alembe mgwirizano pa pepala ndi kulipira oyimba monga m'mene mzungu amawalipirira, mwa nthawi yake. Ndipo oyimba aganizire zoyimba masana, Lamlungu, m'maholo a kufupi ndi kumene anthu awo amakhala ku East Rand, kuti wa ku Makause afike ndi ana ake n'kubwerera dzuwa likadalipo.