Za Kuyesa Madzi a m'Damu



Dzuwa la Okutobala lafika, ndipo madzi a m'mitsinje ya Lunzu ndi Lirangwe aphwera. Sabata latha, popita m'bandakucha kukaona wodwala, ndinadutsa pa damu la Mkhristu wina, ndipo taonani, makumba ake onse ali pamwamba, kukamwa yasa. Mwini wake anati, "Aphunzitsi, zikupempha gaga." Iai, abale, nsombazo zinali kusowa mpweya.

Kubiriwira kwa madzi a m'damu ndi tizomera tosaoneka kamodzikamodzi, ndito chakudya cha nsomba. Usana, pa dzuwa, timatulutsa mpweya m'madzi, koma usiku timaumwanso. Tsono munthu akathira manyowa mopyola muyeso, tizomerato tichulukitsa, ndipo pofika m'mawa mpweya watha. Madzi otentha nawonso sasunga mpweya wambiri, n'chifukwa chake tsokali likonda mwezi uno.

Njira yoyesera siifuna ndalama, ndipo anaionetsa wansembe. M'chaka cha 1865 Bambo Angelo Secchi, Myezuiti wa ku Roma wodziwa za nyenyezi, anakwera chombo cha Papa Pius IX, namiza mbale yoyera ndi chingwe m'nyanja ya Mediterranean, nayesa kuya kwa pamene mbaleyo inaleka kuoneka. Kufikira lero ophunzira ayesa madzi chomwecho, natcha mbaleyo ndi dzina lake.

Ife mbale yathu ndi chikhatho. Dzuwa lili pamutu, mizani mkono pang'onopang'ono, chikhatho chili chopenya kumwamba. Chikazimirira madzi atafika pa chigongono, ndiwo masentimita ngati 30, damu lili bwino. Chikaonekabe mbee mkono wonse utalowa, madzi ali ndi njala: onjezani zitosi za nkhuku kapena ndowe za mbuzi. Koma chikazimirira msanga, chigongono chili kutali, lekani manyowa, chepetsani gaga, lowetsani madzi atsopano. Madzi ofiira ndi matope asakunyengeni. Kumeneko ndi kukokoloka kwa munda wa kumtunda, si chakudya ai. Mnzathu uja anatsegula ngalande tsiku lomwelo, nataya nsomba zochepa zokha.

Inu amayi, mkono uyesa madzi a nsomba, suyesa akumwa. Ndaona ana akutunga m'madamu ndi m'zithaphwi pakuti madziwo ali oyera m'maso. Tizilombo ta kolera diso silitiona, ngakhale la Bambo Secchi. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu mzinda wa Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha nthendayo. Mukaona nkhono m'mphepete mwa damu, musalole ana kusambamo, pakuti nkhono zina zisunga likodzo. Madzi akumwa awiritseni kufikira atagaduka, kapena thirani klorini monga akuuzani alangizi a zaumoyo, ndi kudikira mphindi 30 musanamwe.