Utsi Wathu Sukathera Kumwamba

Aphunzitsi anzanga, tisiye kuphunzitsa za kuipitsa mpweya ndi zithunzi za mafakitale a ku Ulaya zokha. Tulukani panja mu Seputembala kuno ku Nkhotakota: mapiri a ku Ntchisi osaoneka, utsi wokhawokha!

Tikatentha tchire posaka mbewa timati utsi wapita. Wapita kuti? Akatswiri a kafukufuku wa SAFARI 2000 anaona utsi wa kum'mwera kwa Africa ukuyenda ngati mtsinje mpaka kunyanja yamchere ya India. Wina umagwera m'nyanja yathu yomweyi, monga phulusa kapena ndi mvula, utanyamula nayitrojeni ndi fosifolasi, chakudya cha ndere. Ndere zikachuluka, madzi amada, nsomba n'kuvutika.

Inu amene munadutsa m'manja mwanga, kafunseni kumudzi: mbewa khumi zingalipire chambo cha mawa?