Wakuba mabauti ali ndi kasitomala m'tauni

Sabata yatha ndinali ku Msoro, m'boma la Mambwe, kumene kuli sabusiteshoni ya ZESCO. Nthambo za 330 kV zocokera ku Pensulo zimadutsa kumeneko popita ku Chipata. Ndinaima patsinde pa nsanja imodzi n'kuyang'ana kumwamba. Cinsanja conseco cimagwidwa ndi mabauti, ndipo nthambo zimalenjekeka pa mainsuleta, amene amaletsa magetsi kutsikira m'zitsulo.

Wakuba akamasula mabauti ndi kucotsa zitsulo za m'munsi, nsanja imafooka. Ikangowomba mphepo ya dzinja, basi yagwa. Ndiye ife a m'tauni timayamba kulira kuti malaiti apita, ndiwo zaola m'firiji, cigayo caima.

Nanga zitsulozo zimathera kuti? Anzanga, tisanamizane. Ena a ife ndife timazigula kuti tipangire geti kapena timangire denga la shopu, osafunsa kumene zacokera, malinga mtengo watsika. Mukapeza citsulo cotero pamsika, cili ndi mabowo a mabauti kale, funsani lisiti. Ngati palibe, cisiyeni. Wakuba sangavutike kumasula bauti usiku popanda womugula m'mawa.