Galimoto ya Dizilo: Nambala ya Papepala Si ya Pamsewu

Palibe wogulitsa galimoto amene anavomerapo kuti galimoto yake imamwa mafuta. Kaya ndi ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Tete kapena ku Harare, mawu ake ndi amodzimodzi: “Iyi ndi ya dizilo, bwana, mafuta imangonunkhiza.” Pofuna kutsimikiza mawu akewo, amakuonetsani nambala imene inalembedwa ndi kampani yopanga galimotoyo, yonena kuti lita imodzi imayenda makilomita 20 kapena kuposerapo. Wogula amawerengera chamumtima n'kuona kuti mwayi wamugwera. Ikatha miyezi iwiri, malipiro ayamba kuthera kumalo omwetsera mafuta pamene ngongole ya galimotoyo ikumudikira.

Nkhani imeneyi ikukhudza ambiri mwa inu, awerengi athu. Pali alangizi ndi anamwino amene banja lawo lili m'tauni koma ntchito ili kuboma lina. Pali alimi amene amapita ndi tomato kapena mkaka kumsika wakutali kangapo pa sabata. Palinso makomiti a makopaletivi amene akufuna kugula pikiapu ndi ndalama zimene mamembala anasonkha atagulitsa soya ndi mtedza. Kwa onsewa, kulakwitsa posankha galimoto ndi cholakwa chimene munthu amachilipira mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri.

Ubwino wa dizilo ndi weniweni

Tiyambe ndi zoona zake. Injini ya dizilo imagwiritsadi ntchito mafuta ochepa poyerekeza ndi ya petulo ya mphamvu zofanana. Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, lita imodzi ya dizilo ili ndi mphamvu zochulukirapo ndi magawo 10 mpaka 15 pa 100 aliwonse kuposa lita ya petulo. Chachiwiri, injini ya dizilo imapanikiza mpweya kwambiri mpaka mpweyawo kutentha n'kuyatsa mafuta popanda mapulagi, ndipo kupanikiza kotereku kumachititsa kuti mphamvu zochepa zitayike ngati kutentha chabe. Tikaphatikiza ziwirizi, pamsewu wautali galimoto ya dizilo imatha kupulumutsa lita imodzi pa malita anayi kapena asanu aliwonse amene ya petulo ikanamwa.

M'mayiko ena a kuno kwathu kusiyanaku kumakulirako pang'ono. Ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ku Zimbabwe nakonso amasakaniza. Ethanol ali ndi mphamvu zochepa kuposa petulo, choncho lita ya petulo wosakaniza imayenda mtunda wocheperapo. Komanso mizinda yathu yambiri ili pamtunda: Lilongwe ili pa mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo Johannesburg ili pa mamita oposa 1,700. Kumalo okwera chotere mpweya umapepuka ndipo injini wamba imafooka, koma injini za dizilo za masiku ano zili ndi turbo imene imakankhira mpweya m'kati, kotero sizifooka kwambiri.

Kodi nambala ija imachokera kuti?

Nambala imene wogulitsa amakuonetsani siichokera pamsewu. Imapezeka m'chipinda choyeseramo magalimoto, momwe matayala amazungulira pa zitsulo galimoto ili pamalo amodzi. Mulibe chitunda, mulibe maenje, mulibe matumba a feteleza kumbuyo, ndipo makina oziziritsa mpweya amakhala ozimitsa. Muyeso wakale wa ku Ulaya, wotchedwa NEDC, unkatenga mphindi pafupifupi 20 pa mtunda wa makilomita 11 okha, pa liwiro lapakatikati losafika makilomita 35 pa ola. Ndani mwa ife amayendetsa choncho kuchokera ku Chipata kupita ku Katete?

Bungwe lofufuza la International Council on Clean Transportation linayerekeza nambala za makampani ndi mafuta amene eni magalimoto a ku Ulaya ankagwiritsadi ntchito. Linapeza kuti mu 2001 kusiyana kwake sikunkafika magawo 10 pa 100, koma pofika mu 2016 kunali kutadutsa magawo 40 pa 100. Kunena kwina, galimoto yolembedwa kuti imamwa malita 5 pa makilomita 100 inkamwa malita 7. Penanso panali chinyengo chenicheni: mu 2016 kampani ya Mitsubishi Motors inavomera kuti inasokoneza nambala za kagwiritsidwe ntchito ka mafuta pa timagalimoto ting'onoting'ono toposa 600,000 togulitsidwa ku Japan.

Kuyambira mu 2017 mayiko a ku Ulaya anayamba kugwiritsa ntchito muyeso watsopano wa WLTP, umene ndi wautali komanso woyandikirako ku zenizeni, ndipo Japan inatsatira mu 2018. Koma magalimoto ambiri amene amafika kuno kudzera pa madoko a Durban, Beira, Walvis Bay ndi Dar es Salaam ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ochuluka anapangidwa muyeso watsopanowu usanabwere. Nambala zake ndi za muyeso wakale, zoyezedwa galimotoyo ili yatsopano. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Chenjeraninso ndi kalembedwe ka nambalazi. Ku Japan amalemba makilomita pa lita imodzi, ndipo nambala yaikulu ndiyo yabwino. Ku South Africa amalemba malita pa makilomita 100, ndipo kumeneko yabwino ndi yaing'ono. Mukafuna kutembenuza, gawani 100 ndi nambalayo, kotero malita 5 pa makilomita 100 ndi makilomita 20 pa lita. Ku Britain amalemba mamailosi pa galoni, ndipo mamailosi 50 pa galoni ya kumeneko ndi makilomita pafupifupi 18 pa lita. Galoni ya ku America ndi yaing'ono kuposa ya ku Britain, choncho nambala za mayiko awiriwa siziyerekezeka mwachindunji.

Zimene zimadya mafuta pamsewu

Mdani woyamba ndi liwiro. Mphepo imene galimoto imalimbana nayo simakula mofanana ndi liwiro koma imakula mofulumira kuposa pamenepo: mukachoka pa makilomita 100 pa ola n'kufika pa 120, mphamvu ya mphepoyo imawonjezeka ndi magawo 44 pa 100. Pa ulendo wa makilomita 60, liwiro limenelo limakupulumutsirani mphindi zisanu ndi imodzi zokha. Katundu womangirira padenga amawonjezera vuto lomweli, ngakhale zitsulo zapadenga zopanda kanthu zimadya mafuta.

Mdani wachiwiri ndi kulemera ndi ukulu wa galimoto. Anthu ambiri akamva kuti dizilo amapulumutsa mafuta amathamangira pikiapu ya zitseko zinayi yokoka ndi matayala onse. Koma galimoto yotereyi imalemera matani awiri isananyamule kanthu, ndipo imamwa mafuta ambiri kuposa kagalimoto kakang'ono ka petulo. Ngati ntchito yanu ndi yonyamula matumba m'misewu ya matope, pikiapu ndiyo chida chake. Ngati mumayenda nokha ndi chikwama cha mapepala pamsewu wa phula, mukulipirira chitsulo chimene simukuchigwiritsa ntchito.

Adani ena ndi ang'onoang'ono koma a tsiku ndi tsiku: matayala opanda mpweya wokwanira, sefa ya mpweya yodzaza fumbi la m'chilimwe, mabuleki ogwira, kusiya injini ikulira podikira munthu, ndiponso kuimaima pa mabampu, pa malo a apolisi ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu. Mchenga ndi matope zimafuna magiya aang'ono, ndipo giya yaing'ono ndi mafuta ambiri. Injini ya dizilo imachedwanso kutentha, ndipo ikadali yozizira imamwa kwambiri. Ichi n'chifukwa chake ubwino wake umaoneka pa ulendo wautali, osati pa kaulendo kopita kumsika n'kubwerera.

Tiyeni tichite masamu

Tiyerekeze munthu amene amakhala ku Zomba koma amagwira ntchito ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 65. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 130, ndipo pa masiku 22 ogwira ntchito ndi makilomita 2,860 pamwezi. Akakhulupirira pepala lonena makilomita 20 pa lita, adzakonzekera malita 143. Galimotoyo ikamayenda makilomita 15 pa lita, adzagula malita 191. Malita 48 amenewo sanali mu bajeti, ndipo adzachokera pa ndalama ya ndiwo kapena ya fizi.

Tiyerekezenso kuti galimoto ya petulo yofanana nayo imayenda makilomita 12 pa lita. Pa ulendo womwewo idzamwa malita 238, kotero ya dizilo ikupulumutsa malita 47 pamwezi, omwe ndi oposa 550 pachaka. Apa phindu lilipo ndithu. Koma munthu amene ntchito yake ili pa makilomita 10 kuchokera kunyumba amayenda makilomita 440 okha pamwezi, ndipo pa nambala zomwezi adzapulumutsa malita asanu ndi awiri basi. Malita amenewo sangabweze ndalama yoonjezera imene analipira pogula galimoto ya dizilo, imene kawirikawiri imakhala yokwera mtengo. Kwa munthu woyenda m'tauni, galimoto yophatikiza petulo ndi batire, monga Toyota Prius kapena Aqua, ndiyo imachita bwino poimaima.

Musaganizenso kuti dizilo ndi wotsika mtengo nthawi zonse. Mitengo imaikidwa kapena kuunikidwa ndi mabungwe a boma, monga MERA ku Malawi, ERB ku Zambia ndi ZERA ku Zimbabwe, ndipo imasinthasintha. Mu November 2023, ndalama ya Malawi itatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100, lita ya dizilo inafika pa K2,734 pamene ya petulo inali pa K2,530. Choncho werengerani ndi mtengo wa m'dziko lanu pa tsiku limene mukugula, ndipo siyani mpata woti ungakwere.

Chikomekome cha mkuyu

Pali mbali ina imene wogulitsa sainena. Injini yakale ya dizilo inali yopirira ngati bulu: inkamwa chilichonse ndipo makaniko wa pa boma ankaikonza pansi pa mtengo. Ya masiku ano ndi yosiyana. Imapopera mafuta mwamphamvu kwambiri kudzera m'timabowo tating'onoting'ono, ndipo madzi pang'ono, fumbi kapena palafini wosakanizidwa mu dizilo zikhoza kuwononga pampu ndi mainjekita. Mtengo wokonzetsera ukhoza kumeza phindu la zaka ziwiri. Amene anaona kusowa kwa mafuta ku Malawi mu 2011 ndi 2012, komanso mu 2022 ndi 2024, akudziwa mmene zigubu za m'mbali mwa msewu zimakopera munthu amene wagona pamzere. Mafuta a m'chigubu alibe mwini wake wowayankhira.

Magalimoto ambiri a dizilo ochokera ku Ulaya opangidwa kuyambira cha m'ma 2009 ali ndi sefa yogwira mwaye m'paipi ya utsi, yotchedwa DPF. Sefayi imadziyeretsa yokha potentha mwayewo, koma zimenezi zimatheka bwino galimoto ikathamanga kwa nthawi yaitali osaimaima. Woyenda maulendo aatali zimamuyendera. Woyenda timaulendo tatifupi, sefa imatsekeka. Imafunanso oyilo wake wapadera ndi dizilo wokhala ndi sulufule wochepa. Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anasamukira ku dizilo wa sulufule wochepa, wa 50 ppm, mu 2017, ndipo kumeneku kunali kupita patsogolo. Ena amangochotsa sefayi ikavuta, koma utsi wa dizilo si wosewera nawo: mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inauika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Amene amaupuma ndi amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu ndi ana opita kusukulu.

Yezani nokha

Njira yodziwira zoona ndi yosavuta ndipo siifuna makina. Dzazani thanki mpaka pampu itadziimitsa yokha, n'kulemba makilomita amene akuoneka pa mita. Yendani monga mwa masiku onse. Mukadzazanso, makamaka pa pampu yomweyo, lembani malita amene alowa ndi makilomita atsopano. Gawani makilomita amene mwayenda ndi malita amene mwathira. Chitani zimenezi katatu, chifukwa thanki imodzi ikhoza kukunamizani. Musadalire nambala ya pa kompyuta ya m'galimoto, pakuti nthawi zambiri imakometsera.

Ngati simunagule, funsani anthu atatu amene ali ndi galimoto ya mtundu womwewo ndipo amayenda msewu wonga wanu. Safunsa anadya phula. Mabungwe ndi maofesi a boma amasunga mabuku a maulendo momwe madalaivala amalemba makilomita ndi malita; buku limodzi lotere limanena zoona kuposa mapepala khumi otsatsira malonda. Funsaninso makaniko wa kwanuko ngati injiniyo amaidziwa, ngati ali ndi makina oiyezera, ndiponso ngati zipangizo zake zimapezeka m'dziko muno kapena mpaka kuitanitsa kunja. Galimoto yoima pa galaja miyezi iwiri simwa mafuta, koma tomato wanu sadikira.

Ndipo inu a komiti ya kopaletivi, musanatulutse ndalama za mamembala, bweretsani masamu amenewa pamsonkhano: makilomita a pamwezi, malita enieni, mtengo wa sevisi pachaka, ndi kusiyana kwa mtengo wogulira. Ngati mtunda ndi wautali, mafuta oyera akupezeka ndipo makaniko alipo, gulani ya dizilo mopanda mantha. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, khalaninso pansi. Galimoto ikagulidwa, ikani kabuku ndi cholembera m'kati mwake tsiku loyamba lomwelo, ndipo mwezi uliwonse msungichuma aziwerenga kabukuko pamaso pa onse.