Ku Chicago Sanaphwanye Mitu, Anangozimitsa Magetsi

Msonkhano waukulu wa cipani ca Democratic utatha ku Chicago pa 22 August 2024, akulu-akulu a cipani ndi a mzindawo anagwilana canza mokondwela. Onse anali kukamba cinthu cimodzi, cakuti za mu 1968 sizinabwelele. Kunalibe ophunzila ogona m'magazi patsogolo pa hotela, ndipo anthu amene apolisi anagwila sabata yonse anali 74 cabe. Ine ndikana kuwomba nawo m'manja. Cipani cimene cifuna kutamandidwa cifukwa sicinaphwanye mitu ya anthu ake cadzipatsa mayeso opepuka kwambili. Cimene ndimafunsa pa msonkhano ulionse wa cipani n'cakuti, kodi membala amene sagwilizana ndi atsogoleli anapatsidwa mpata woimilila n'kukamba pamaso pa anzake? Ku Chicago mpata umenewo unakanidwa, ndipo njila imene unakanidwila ndiyo yandilembetsa nkhani ino.

Anthu ambili akamva za otsutsa a ku Chicago amaganiza za anyamata ophimba nkhope ogwedeza mipanda. Amenewo analipo, ndipo ndidzafika kwa iwo. Koma amene anacitilidwa cipongwe cacikulu anali ana a m'nyumba. Kuciyambi kwa caka cimeneco, pa masankho a mkati mwa cipani, mamembala okhumudwa ndi zida zimene boma la a Joe Biden linali kutumiza ku Israel sanathawile ku cipani cina. Anaima pamzele, n'kuvota pa malo olembedwa kuti "uncommitted", kutanthauza kuti sanasankhe munthu aliyense. Ku Michigan kokha, pa 27 February, anaposa 100,000. M'dziko lonse anali pafupi-fupi 700,000. Mavoti amenewo anabala nthumwi 30 za gulu la Uncommitted pakati pa nthumwi zoposa 4,000. Anthu awa anacita ndendende zimene cipani ciliconse cimalangiza okwiya: osaocha matayala, bwelani mkati, tsatilani malamulo, mudzamvedwa.

Cimene anali kufuna kweni-kweni cinali cakuti nkhondo ya ku Gaza iime ndipo America aleke kutumiza mabomba. Anadziwa kuti zimenezo sangazipeze m'masiku anayi, conco anatsitsa mtengo mpaka pansi. Anapempha mphindi zocepa cabe pa nsanja ya mu United Center kuti munthu mmodzi wa ku America wocokela ku banja la Cipalestina akambe. Anapeleka maina angapo kuti cipani cisankhepo. Anavomela kuti a cipani ayambe awelenga mau onse asanakambidwe. Mmodzi wa ochulidwawo anali a Ruwa Romman, phungu wa cipani comweco m'nyumba ya malamulo ya ku Georgia, ndipo zimene analemba zinali kupempha anthu kuti avotele a Kamala Harris ndi kugonjetsa a Donald Trump. Ndiuzeni, pempho lingacepe bwanji kuposa pamenepa?

Kumbukilani nthawi yake. Kutatsala masiku anayi kuti msonkhano uyambe, unduna wa zaumoyo ku Gaza unalengeza kuti akufa aposa 40,000. Pa 13 August boma la America linali litavomeleza kugulitsa ku Israel ndeke za nkhondo ndi zida zina za madola 20 biliyoni. Ndipo dela la Cook County, mmene muli Chicago, ndilo lili ndi anthu ambili a Cipalestina kupambana dela lina lililonse m'dzikolo. Maliro anali m'makomo a anthu okhala pafupi ndi holoyo.

Pa Citatu usiku anakwela pa nsanja a Jon Polin ndi a Rachel Goldberg, makolo a mnyamata amene a Hamas anagwila pa 7 October 2023, tsiku limene anapha anthu pafupi-fupi 1,200 ku Israel. Anakamba ndi ulemu waukulu, anachulanso za kuvutika kwa anthu wamba a ku Gaza, ndipo holo yonse inalila nawo. Anayenela kukamba. A Uncommitted eni ake anati anayenela kukamba. Mwana wao anaphedwa ndi om'gwilawo patapita masiku ocepa, ndipo palibe munthu wa mtima amene angapeputse cisoni cimeneco. Koma madzulo omwewo a Abbas Alawieh, nthumwi ya ku Michigan, analandila foni yowauza kuti yankho la pempho lao ndi iyai. Iwo ndi anzao anakhala pansi pakonkili kunja kwa holo, n'kugona pomwepo usiku wonse, ziphaso zao zolowela mkati zili m'khosi. Cipani cinali citaonetsa dziko lonse kuti cidziwa bwino mphamvu ya kholo lolila pa maikolofoni. Cinangosankha kuti misozi ya mbali imodzi ndiyo ioneke pa TV.

Ena adzati pulogalamu inali yodzala. Inalidi yodzala, moti pa Mande woimba James Taylor anacotsedwapo cifukwa nthawi inatha, ndipo a Biden anayamba kukamba anthu a ku New York atatsala pang'ono kulowa tsiku lina. Koma onani amene anaipeza nthawiyo. A Adam Kinzinger, amene anali phungu wa cipani ca Republican, anakamba usiku wotsiliza weni-weniwo. A Stephanie Grisham, amene anali mneneli wa a Trump ku White House, anakamba. A Geoff Duncan, amene panthawiyo analinso wa Republican, wocokela ku Georgia komweko kwa a Romman, anakamba. Amene anali mkulu wa kampani ya American Express anakamba. Pa Ciwili panali DJ woika nyimbo pa cigawo ciliconse pochula mavoti, ngakhale kuti mavoti eni-eni anali ataponyedwa kale pa intaneti kuciyambi kwa mwezi. Sindidana ndi nyimbo, ndipo ndimvetsa cifukwa cake cipani cimakopa a mbali ina. Cimene sindimvetsa ndi nyumba imene iyalila mlendo mphasa yatsopano, mwana wa m'nyumba ali kugona pakhonde.

Nthumwi zina zinayesa njila ina. Pa Mande a Biden ali mkati mokamba, zinatambasula nsalu yolembedwa mau opempha kuti America aleke kupatsa Israel zida. Mmodzi wa oigwila anali Myuda wa ku Michigan. Anzao a m'cipani anaimilila n'kuwaphimba ndi zikwangwani zotamanda a Biden, magetsi a cigawo cimeneco anazimitsidwa, nsalu inalandidwa, ndipo mai wina wovala hijabu anamenyedwa pamutu ndi cikwangwani. Panthawi yomweyo, a Biden anali kuuza holo kuti anthu ocita zionetselo m'misewu ali ndi mfundo, cifukwa anthu osalakwa ambili akufa kumbali zonse ziwili. Munthu ali ndi mfundo akakhala kunja kwa mpanda, koma akalowa nayo mkati mum'zimitsila magetsi. Ndinaonanso vidiyo ya nthumwi zikutuluka usiku, zina zitatseka makutu ndi zala podutsa anthu amene anali kuwelenga maina a ana ophedwa ku Gaza. Kumeneko palibe wapolisi amene anazikakamiza.

Za m'misewu sindikhalitsapo. Poyamba mzinda unakana kupeleka cilolezo coguba pafupi ndi holo, n'kuloza anthu ca ku Grant Park, mtunda wa makilomita pafupi-fupi asanu. Anacita kupita ku khoti kuti apatsidwe njila yoyambila ku Union Park, yaifupi kuposa imene anapempha. Ngakhale zokuzila mau ndi zimbudzi anacita kulimbilana. Ndipo uyu ndi mzinda umene meya wake, a Brandon Johnson, anacokela ku bungwe la aphunzitsi ndipo anaponya voti yothetsa kufanana pamene khonsolo inapempha kuti nkhondo iime mu January 2024. Ife kuno timadziwa kakomedwe ka lamulo la Public Order Act, pamene apolisi sakuuza kuti ulibe ufulu, amangoti tsiku silili bwino, malo si abwino, asilikali ndi ocepa. Ca ku Chicago cinali cilankhulo comweco covala suti. N'zoona kuti pa Mande ena anathyola mbali ya mpanda wakunja, ndipo gulu limene linasonkhana pa ofesi ya kazembe wa Israel pa Ciwili linalibe cilolezo ndipo linabwela lokonzeka kulimbana. Sindiwaikila kumbuyo. Koma pa anthu oposa 50 amene anagwidwa usiku umenewo panali atolankhani atatu amene anali pa nchito yao.

Tsopano tibwele ku 1968, caka cimene onse anali kudzitama kuti acipewa. Apolisi a meya Richard J. Daley anamenya anthu otsutsa nkhondo ya ku Vietnam pa Michigan Avenue mwankhanza, moti lipoti la Walker linati apolisiwo ndiwo anacita cipolowe. Palibe amene afuna zimenezo zibwelele. Koma mkati mwa holo ya 1968, nthumwi zinakangana poyela kwa maola angapo pa mfundo yothetsa nkhondo, n'kuivotela. Inagonja, koma nthumwi zoposa 1,000 zinaima kumbali yake dziko lonse likuona. Senator Abraham Ribicoff anadzudzula apolisi a Daley ali pa nsanja, Daley mwini wake atakhala pansi pomwepo akum'tukwana. Msonkhano wamagazi uja unali ndi mkangano weni-weni, umene msonkhano waukhondo wa 2024 unalibe. Atsogoleli a cipani anaphunzilapo kanthu pa 1968, koma cimene anaphunzila n'cakuti makamela asadzaonenso mamembala akutsutsana. Conco msonkhano unasanduka sewelo la pa TV, lolembedwa kale mzele ndi mzele, ndipo nthumwi zinasanduka anthu onyamula zikwangwani zimene agawilidwa.

Cimene cimandiwawa kopambana ndi mmene anagwilitsila nchito dzina la Fannie Lou Hamer. Mai ameneyu, wolima thonje m'minda ya eni ku Mississippi, anafika ku msonkhano wa cipani comweci ku Atlantic City mu 1964 kudzapempha kuti nthumwi za anthu akuda zipatsidwe mipando. Pamene anali kufotokoza mmene anam'menyela m'ndende cifukwa cofuna kuvota, Pulezidenti Lyndon Johnson anaitana atolankhani mwadzidzidzi kuti makamela acoke pa iye. Gulu lake linapatsidwa mipando iwili cabe, ndipo linaikana. Ku Chicago dzina lake linachulidwa pa nsanja ndi kuombeledwa m'manja. Umboni wake anaupeleka pa 22 August 1964, zaka 60 ndendende lisanafike tsiku limene a Romman anawelengela mau ao panja, pamaso pa atolankhani, cifukwa mkati anakanizidwa. A Jesse Jackson naonso analemekezedwa pa Mande ali pa njinga ya odwala, koma palibe anakumbutsa holo kuti mu 1988 ku Atlanta gulu lao ndilo linapangitsa kuti a James Zogby akambe za ufulu wa Apalestina pa nsanja ya cipani. Cimene cinatheka mu 1988 cinakhala coopsa mu 2024.

Ndidziwa mayankho ake. Akuti cipani cinalola zokambilana za ufulu wa Apalestina, koyamba m'mbili yake. Inde, masana, ku McCormick Place, kutali ndi holo ndi makamela a usiku, kumene dokotala wa ana Tanya Haj-Hassan anafotokoza zimene anaona m'zipatala za ku Gaza kwa anthu amene ambili anali ogwilizana naye kale. Akuti a Harris eni ake anachula kuvutika kwa Gaza ndi ufulu wa Apalestina wodzilamulila. Anachuladi, ndipo holo inaomba m'manja mwamphamvu, umboni wakuti nthumwizo sizikanakomoka pomva Mpalestina. Koma akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Kukambilidwa ndi munthu amene boma lake likusaina mapepala a mabomba sikufanana ndi kudzikambila wekha. Yankho lalikulu n'lakuti a Trump anali oopsa kwambili, conco inali nthawi yogwilizana. A Harris anali atakamba kale zimenezo ku Detroit pa 7 August, pamene anauza owadula mau kuti ngati afuna a Trump apambane anene, apo ayi iwo akukamba. Koma nthumwi 30 zija sizinali kufuna a Trump. Mu September gulu lao linakana kuvomeleza a Harris, komabe linacenjeza anthu ake kuti asavotele a Trump kapena zipani zing'ono-zing'ono. Cimene anali kupempha ku Chicago cinali kanthu kakang'ono kokaonetsa abale ao ku Dearborn kuti cipani cikali kuwawelengela. Anabwelela cimanja-manja. Mu November a Trump anapambana mu Dearborn, mzinda umene a Biden anautenga mosavuta mu 2020. Sindinena kuti Gaza ndiyo inagwetsa a Harris, mitengo ya zinthu inalinso ndi mau ake. Ndingonena kuti amene anati kutseka anthu pakamwa ndiyo njila yopambanila sanapambane.

Ife a ku Zambia nkhaniyi itikhudza mwa njila yake. Pa 31 March 2023 a Harris anafika mu Lusaka, dziko lathu litangothandiza kucititsa msonkhano wa Summit for Democracy umene America anayambitsa. Anapita kukaona malo a m'mbali mwa Independence Avenue pamene panali nyumba ya agogo ao, a P.V. Gopalan, amene boma la India linawatumiza kuno m'ma 1960 kudzathandiza boma la a Kaunda kusamalila anthu othawa ku Southern Rhodesia. Tinawalandila ngati mdzukulu wobwela kumudzi, ndipo tinamvetsela mwaulemu zimene anakamba za demokalase. Akazembe a dziko lao amatulutsa zikalata makada akamenya anthu kuno kapena apolisi akaletsa msonkhano wa otsutsa, ndipo nthawi zambili amakhala akunena zoona. Ndiye cifukwa cake nanenso ndili ndi ufulu wofunsa kuti mdzukulu wa munthu amene nchito yake inali kulandila othawa kwao analephela bwanji kupezela mdzukulu wa othawa kwao mphindi ziwili.

Pa Cinayi madzulo, mphekesela zitadzala ponse-ponse kuti Beyoncé adzatulukila mwadzidzidzi, nthumwi za Uncommitted zinanyamuka pakonkili paja, zinakolekana mikono, n'kulowa mu holo kukakhala pa mipando yao. Beyoncé sanabwele. A Kinzinger anakamba, a Harris anakamba, kenako mabaluni anagwa kucokela kudenga.