Lekani kutumizana code pa WhatsApp

Imwe ma developer ba mu Lusaka, "final_final2.zip" pa WhatsApp ni manyazi. Linus Torvalds anapanga Git mu 2005 kuti bantu bambili bazisebenza pa Linux kopanda kuonongelana nchito. Ni yamahala. Manje ise tikali kutumizana ma zip monga ma pikicha ya kitchen party?

Sivivuta. Pangani branch na git switch -c, sungani vamene mwachinja na git add na git commit, mulembe message yomveka, osati "update" chabe. Mukachita git push, segulani pull request kuti munzanu aone line iliyonse ikalibe kungena mu main.

Benangu bakamba ati review ichedwesa nchito. Nanga bug ikadya ndalama za customer pa mobile money, muzabweza na chani? Benangu bayopa kusekewa. Koma munzanu wa ku Chelstone akagwila cholakwa lelo, client wa ku Kabulonga sazachiona mailo. Futi laptop ikafa olo bakaiba mu minibus, code yamene simunachite push yayenda nayo.

Ngati command line ikuyofyani, funsani banzanu ku BongoHive olo ku UNZA bakuoneseni.