Holo yaikulu pa Chichiri tikuifuna, koma adzaisamale ndani?

Mvula ikangoyamba mu Novembala, okonza zoimbaimba mu Blantyre mitima imakhala m'mwamba. Shoo ikakhala ya panja, mtambo umodzi basi, anthu abalalika, ndalama za wokonza zalowa m'madzi. Mzinda womwe timati likulu la zamalonda ulibe holo yaikulu yomangidwira mashoo ndi masewero.

Taonani pa Chichiri pomwepa. Kamuzu Stadium ndi bwalo la mpira, lapamtetete. Comesa Hall ya pa Trade Fair imalandira zonse: maukwati, misonkhano, mashoo, ngakhale MEC inalengezera pomwepo zotsatira za chisankho cha 2019. Imatithandiza ndithu, koma holo imodzi singasenze mzinda wonse.

Anzathu ku Lilongwe ali ndi BICC kuyambira 2012, ndipo Griffin Saenda Sports Complex inabwera ndi masewero a Region 5 a 2022. Ku Rwanda, BK Arena ya mu Kigali, yolowa anthu 10,000, inatsegulidwa mu 2019. Imachititsa Basketball Africa League, ndipo Kendrick Lamar anaimbamo mu Disembala 2023. Oimba otere amapita komwe kuli denga, magetsi odalirika ndi chitetezo.

Ndiye timange yathu? Eya, koma tisanayambe kukuwa pa Facebook, tikumbukire French Cultural Centre. Malo amene aja ndi omwe anakuza zisudzo ndi nyimbo mu Blantyre muno. Afalansa atachoka mu 2011, akuba anasasula katundu. Boma linawatenga n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, koma kukonza kwake kwatenga zaka ndi zaka. Apa mpomwe pagona nkhani: kumanga timatha, kusamala ndiye kumativuta.

Choncho wandale kapena wabizinesi akabwera ndi chithunzi chokongola cha holo yatsopano, timufunse mafunso osavuta. Adzaiyendetse ndani, khonsolo, unduna kapena kampani? Ndalama zokonzera denga likadontha zidzachokera kuti? Woimba wongoyamba kumene wa ku Ndirande adzakwanitsa kuchita hayala, kapena idzangokhala ya maukwati a mabwana? Shoo ikatha 2 koloko usiku, wa ku Bangwe kapena Chilomoni akafika bwanji kwawo?

Mayankho akasowa, anzanga, tidzangowonjezera chinyumba china chotsekedwa pa Chichiri. Poyambira pabwino m'pomaliza kukonza Blantyre Cultural Centre. Tikalephera yaing'onoyi, ya anthu 10,000 tingaithe?